Tebulo la Apongozi a Danwell

Sunthirani kuno inu, basi iyi sinyamuka msanga, dalaivala wapita kukameta. Ndikuuzeni za Danwell Mtonga, amene mpaka lero amanena kuti ndiye anali woyamba pa boma la Lundazi kugwira kompyuta ndi manja onse awiri.

Chinali chaka cha 1996. Danwell anali kalaliki pa kabungwe kena ka alimi a mtedza ndi chimanga, ofesi yake kuseri kwa msika, zipinda ziwiri, china cha matumba, china cha anthu, ngakhale kuti matumbawo sankasamala kwenikweni za malire. Bungwelo litapatsidwa kompyuta linamutumiza ku Chipata kukaphunzira, ndipo anabwerako ndi satifiketi, tayi ya madonthomadontho ndi kayendedwe katsopano. Makinawo ankawafunditsa chitenje. Pofuna kuti anthu asamawagwiregwire ndi manja a fumbi, analengeza kuti mwamuna wosaphunzira akayang'anitsitsa galasi la kompyuta, kwake sikudzamvekanso kulira kwa khanda. Ananena zimenezi osaseka. Kuyambira tsiku limenelo amuna ankalowa mu ofesimo chammbali, maso ali kudenga.

M'kompyutamo munali nkhokwe ya zonse za bungwe. Musaganize kuti zinangounjikidwa mulu umodzi ayi. Zinali m'matebulo, ndiye kuti mizere yoima ndi yopingasa, chinthu chilichonse m'kabokosi kake: tebulo la midzi, la minda, la zokolola, la zina ndi zina. Ndipo matebulo onsewa anali pachibale. Mlimi aliyense anali ndi nambala yake m'tebulo lalikulu la alimi, enawo ankangosunga nambalayo basi. Ukafuna kudziwa mwini wa munda wakutiwakuti, tebulo la minda linkapita kukafunsa kwa lalikulu lija. Popanda lalikululo, enawo anali ana amasiye.

Mphunzitsi wa ku Chipata anawauza kuti tebulo lililonse alipatse dzina lalifupi, losaiwalika. Anzake a m'kalasi anamva kuti MIDZI, MINDA, zoterozo. Danwell anaona kuti kumeneko n'kuwononga. Kwathu kuno ukakhala ndi dzina loti upereke, umayang'ana kaye amene ukufuna kumulemekeza. Ndiye tebulo la midzi analitcha AMOCK, dzina la manijala wake. La zokolola analitcha JEMIMA, mayi wa zitumbuwa amene ankamuikira mbasela. Anthu atamva anayamba kumupatsa moni mogwada pang'ono.

Tsopano apa mvetsetsani, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Danwell ankafuna Tryphena, mwana womaliza wa a Nason Zimba a ku Chikomeni, ndipo ankamufuna mochititsa manyazi, moti munthu akangotchula mtsikanayo iye ankaiwala chimene amalemba. Vuto linali Kenan, amene nayenso ankamufuna mtsikanayo. Kenan anali ndi ngolo, ng'ombe zokoka ngoloyo, ndi chigafa cha fodya. Danwell anali ndi tayi. Chimene chinkamuimika pa mpikisanowo chinali chimodzi chokha, ulemu. Kenan tsiku lina anadutsa pa ngolo akuimba likhweru, mayi a Tryphena ali m'mbali mwa msewu. Pamene Danwell akangowaonera patali mayiwo, ankadumphira m'tchire, njinga ndi zonse, mpaka ulendo wina anatulukamo ndi chitedze m'khosi. Mayiwo anamva za chitedzecho, ndipo akuti anati mwana ameneyu analeredwa. Ankhoswe anali atayenda kale mbali zonse ziwiri. Yankho linali lisanatuluke.

Inu mukudziwa kuti mkamwini, ngakhale wongoyembekezera, sayang'ana apongozi aakazi kumaso, salankhula nawo mwachindunji, ndipo dzina lawo lenileni salitchula ngakhale kutulo. Mayiwo dziko lonse linkawatchula ndi mfunda wawo, a NyaChirwa. Koma ku Chikomeni a NyaChirwa ndi ambirimbiri, ndipo Danwell ankafuna kulemekeza awa okha. Anakapeza dzina lawo pa khadi la umembala, n'kulipereka ku tebulo lalikulu lija, mayi wa matebulo onse. Polemba anatseka pakamwa mwamphamvu, n'kudziuza kuti mwambo umaletsa lilime, za zala sunanenepo kanthu. Bamboyo anawapatsa tebulo lawo lotchedwa ZIMBA, dzina loti aliyense angathe kulitchula bwinobwino. Kenaka anatumiza uthenga kudzera mwa Tryphena kuti makolo ake onse awiri tsopano ali m'kompyuta.

Uthengawo unagwira ntchito mopitirira. Lachisanu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Zimba ndi akazi awo anabwera ku msika kudzagulitsa mtedza, ndipo atagulitsa anatulukira pa ofesi kuti aone makina amene akuwasunga. Tryphena anali atanong'oneza kale kuti yankho lichokera pa ulendo umenewu.

Danwell anali atakonzeka. Anapaka polishi nsapato, tayi anaikokera mpaka pammero. A Zimba anawapatsa mpando wa manijala, umene anautembenuzira kukhoma kuti maso awo asagwere pa galasi, ndipo bamboyo, ngakhale anali atamaliza kalekale ntchito yobereka, anayamikira chisamalirocho. Mayiwo anawayalira mphasa kuseri kwa kabati, komwe kunkaoneka mapazi awo okha. Moni Danwell anapereka atagwada, akuyang'ana pansi, kudzera mwa bamboyo. Kuseri kwa kabati kunamveka kuti "Yewo," motsitsa. Zonse zinkayenda bwino kwambiri, moti Danwell anayamba kuganiza za mtundu wa suti.

Pamenepo wailesi inakhosomola.

Telefoni ya pa ofesipo inali itafa kalekale, ndiye bungwelo linkalankhulana ndi likulu lake ku Chipata pa wailesi ya mauthenga, yoyendera batire ya galimoto. Wailesi imeneyo inalibe chinsinsi. Chimene wanena ankamva a ku depoti ya Chikomeni, ankamvanso alonda a nyama a ku Lukusuzi, anthu amene tsiku lonse amakhala akuyang'ana mitengo ndipo nkhani ya wina aliyense amailandira ndi manja awiri.

Woitanayo anali Mercy, mkulu wa makompyuta ku likulu, mayi wolankhula ngati akudula nkhuni. Anati mbewu ya chaka chino igawidwa ndi kompyuta ya ku Chipata. Iye akulemba pulogalamu pa disiketi, yomwe ibwere ndi galimoto ya mawa kudzatenga zonse za m'nkhokwe ya Lundazi. Pulogalamuyo imaitana tebulo lililonse ndi dzina lake, ndipo tebulo losaitanidwa limatsala. Galimotoyo ikadutsa, ina idzabwera mvula itagwa kale.

"Manje a Mtonga, onetsani matebulo onse pa galasi, muniwelengele limodzi limodzi, na zamene zili mkati. Ova."

Danwell poyamba anakondwa, wosauka. Anaona kuti Mulungu wamutumizira mwayi woti apongozi amuone akugwira ntchito. Anavundukula chitenje, a Amock manijala n'kutembenukira kuzenera. Analemba lamulo loonetsa matebulo onse, n'kumenya batani lalikulu ndi chala chapakati monga anaonera ku Chipata. Mayina anatsika pa galasi, obiriwira, limodzi pansi pa linzake. Ndipo pakati pawo linali pomwepo, la zilembo zikuluzikulu, likumuyang'ana.

Anayamba kuwerenga. AMOCK, midzi. A Amock anawongola khosi pazenera paja. JEMIMA, zokolola. KENAN, mbewu zowola ndi zobwezedwa. Apa ku Lukusuzi wina anatsegula wailesi kuti aseke chabe, n'kutsekanso. Atafika pa ZIMBA anaima kaye, chifukwa m'tebulo limenelo munali anankafumbwe, chiswe ndi mbozi za m'chimanga. Kenaka ananena kuti ZIMBA muli zinthu zamphamvu zimene mlimi aliyense m'boma lino amaziopa. A Zimba anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kunena kuti makinawa ndi anzeru. Danwell anawerenga otsalawo mothamanga, n'kulumpha limodzi lija ngati akulumpha ngalande.

"Athera pomwepa. Ova."

Mercy anafunsa kuti nanga alimi eni ake ali kuti. Anati wamupatsa minda yopanda eni, midzi yopanda anthu, zokolola zodzikolola zokha. Matebulo onsewa akuloza kwa lina limene silinatchulidwe, ndipo iye akufuna dzina lake.

Danwell anapempha kamphindi. Anagwada kwa a Zimba n'kunena kuti ntchitoyi itenga nthawi, mwina iwo ndi mayi angakonde kukamwa tiyi pa msika, iye alipira. A Zimba anayankha kuti tiyi amamwa kwawo. Iwo ayenda ulendo wonse uja kudzaona makina akugwira ntchito, ndipo tsopano akugwira.

Anabwerera pa wailesi n'kunena kuti tebulo lalikululo ndi la amake Tryphena. Mercy anafunsa ngati ndi momwe lalembedwera. Danwell anati ayi, koma ndi omwewo. Mercy anati kompyuta yake sidziwa Tryphena, sidziwa amake, ndipo ilibe nthawi yokafunsa kumudzi.

Apa m'pamene anaganiza zochita zaukatswiri. Anati asinthe dzinalo mwakachetechete likhale ALIMI, awerenge, nkhani ithe. Anasinthadi. Inu, makina aja analira. Pii! Tebulo la minda likufuna mayi ake. Pii! La midzi likufuna mayi ake. Galasi lonse linadzaza ndi madandaulo, tebulo lililonse likuitana dzina lomwe lija, moti m'malo molibisa analichulukitsa. A Zimba anafunsa ngati chinthucho chili ndi njala. Mercy anamva kulirako ali ku Chipata, ndipo anamuuza kuti chilichonse chimene wagwira achibwezere momwe chinalili asanamupsetse mtima. Danwell anabwezera, ndipo makinawo anatonthola.

Anaganiza zotchula chilembo chimodzichimodzi. A Amock, amene tsopano anali atazindikira vuto, anamunong'oneza kuti mayiwo anaphunzira sukulu ya mishoni, ndipo kuwatchula pang'onopang'ono n'koipa kuposa kuwatchula kamodzi. Danwell anawagwira dzanja n'kuwapempha kuti ndiye abwere awerenge iwo pa galasipo. A Amock anachotsa dzanja lawo. Anati iwo angokwatira chaka chatha, mwana akadali mmodzi, ndipo galasi limenelo wanena yekha zimene limachita. Danwell anafuna kuulula kuti lija linali bodza, koma a Zimba anali pomwepo atakhala choyang'ana kukhoma chifukwa cha bodza lomwelo. Ndiye analemba dzinalo pa kapepala n'kuwapatsa. A Amock anawerenga chamumtima, n'kupinda kapepalako mwaulemu, n'kumubwezera. Anati akazi awo ndi mwana wa mng'ono wawo wa a NyaChirwa, ndiye mayi ali kuseri kwa kabatiwo ndi apongozi awonso. Anabwerera pazenera.

Ku Lukusuzi anali atayamba kuthandiza. Wina anati mwina ndi Agnesi. Wina anati ayi, akazi a zaka zimenezo ambiri ndi a Dorika. Wa ku depoti ya Chikomeni anati iye dzinalo akulidziwa, koma agogo ake aamuna anali a Chirwa, ndiye sangayambe lero zachipongwe. Mercy anawauza onse kuti achoke pa mzere. Kagetsi ka pa wailesi kanali katayamba kufiira, batire ikutha.

A Zimba m'pamene anamvetsa chimene chikuvuta, ndipo anakhudzidwa mtima kuona mnyamata akuvutika chonchi chifukwa cha ulemu. Anaimirira n'kunena kuti nkhani yaing'ono ngati imeneyi isamatenge tsiku lonse. Mkazi ndi wawo, dzinalo atchula ndi iwo. Anayenda chammbali mpaka pa wailesi, n'kugwira cholankhulira ngati mbatata yotentha. Danwell anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe.

A Zimba anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Chikwatirireni, bambowa ankangoti NyaChirwa, akakondwa amake mwana, akakwiya iwe. Anayang'ana kudenga. Anakanda chibwano. Wailesi inkangoti shii, boma lonse likudikira. Kenaka nkhope yawo inawala.

"Eliza. Ova."

Danwell anayang'ana pa galasi ngakhale ankadziwa kuti palibe Eliza. Kuseri kwa kabati kunamveka kachifuwa kamodzi, kouma. Mapazi aja anabwerera mkati pang'onopang'ono mpaka osaonekanso.

Mercy anafunsa ngati alembe Eliza. Danwell asanayankhe, mlonda wina wachikulire wa ku Lukusuzi, munthu wobadwira ku Chikomeni komweko, analowa pa mzere mwaulemu wonse.

"Monire a Zimba. Pepani kulowelela. Eliza si uja wa ku Kasungu anali kubwela na usipa nthawi zija? Ova."

A Zimba anaika cholankhulira pansi mosamala kwambiri. Anabwerera pa mpando wawo, n'kuyamba kuyang'ana khoma ndi chidwi chachikulu.

Mercy anati kwa iye zakwana. Akuwerenga mpaka pomwe mtima wake ungathere, ndipo ngati dzina silibwera, disiketi ipita yopanda alimi a Lundazi, mbewu ipita ku maboma ena, ndipo a Mtonga adzafotokozera okha anthu pa msika. Mawu ake anali atayamba kuchepa ndi batire.

Danwell anachita mantha enieni, amene sanawamvepo chibadwire. Akakhala chete, alimi onse, apongozi ake omwe, adzalima opanda mbewu, ndipo palibe kholo lopereka mwana kwa munthu amene wagoneka boma ndi njala. Akatchula, ndiye kuti chinthu chimodzi chimene anali nacho kuposa Kenan wachitaya pamaso pa eni ake. Anamuona Tryphena m'maganizo atakhala pa ngolo ija, akupita, osacheuka.

Anakoka waya wa cholankhulira mpaka pakona. Anagwada, mawondo onse awiri, nkhope kukhoma, msana kukabati. Anapepesa kaye kwa bambo, kwa mayi, kwa a Chirwa onse amoyo ndi akufa. Kenaka ananong'ona.

"Yunike. Ova."

"Sininamve, a Mtonga. Bwelezani."

Anabwereza mokwezako. Mercy anati kukungomveka mphepo. Danwell anatseka maso n'kukuwa dzina la apongozi ake ndi mphamvu zake zonse, moti amayi ogulitsa tomato kuseri kwa ofesi anasiya kuitanira malonda. Batire inali itafooka kwambiri, ku Chipata mawuwo sanafikebe. Ndiye a ku Lukusuzi, amene wailesi yawo inali yamphamvu, anadzipereka. "Akuti Yunike!" Mnzake anatsimikiza kuti eya, Yunike. Wa ku Chikomeni uja, poona kuti mpanda wagwa kale, anaiwala za agogo ake n'kuwonjezera kuti ndi Yunike amene, wa kufupi ndi dambo. Dzina limene linakhala m'nyumba zaka zonsezo osatuluka, masana amenewo linazungulira boma lonse mpaka kumalire.

Mercy anati walemba, Yunike, alimi onse, zikomo Lundazi, ndipo chaka chamawa a Mtonga abwerenso ku maphunziro. Kagetsi kanazima.

Danwell anakhalabe chogwada pakona paja, akudikira kuti amve mapazi akutuluka. A Amock ankawerenga nkhuku za panja. A Zimba sanasiyane ndi khoma lawo.

Mayiwo anadzuka. Anapinda mphasa bwinobwino, n'kuimika pambali, n'kumanganso chitenje. Ndiye poti m'chipindamo munalibe mwamuna woti angalankhule naye, awiri anali akamwini ndipo wachitatu anali a Zimba, analankhula ndi kabati.

Anauza kabatiyo kuti dzina lawo latchulidwa pagulu, mokuwa, mpaka njati za ku Lukusuzi zalimva, ndipo mlandu wotere sutha ndi pakamwa. Pafunika mbuzi, yaikazi, yonenepa. Danwell anawerama mpaka chipumi chinagunda simenti. Mayiwo anapitiriza ndi mawu omwewo, osakwera osatsika.

"Uwauzenso a kwa Mtonga atumize ankhoswe awo Loweluka. Tryphena apite kwa mwamuna wosunga dzina la munthu."

Danwell anadzutsa mutu pang'ono, osakhulupirira makutu ake. Anafuna kuthokoza, koma mwambo sunkamulola, ndipo nayenso anali atauphwanya mokwanira tsiku limenelo. Anafunsa kabati, mwaulemu, kuti mbuziyo aipereke liti.

Mayiwo anasenza dengu lawo n'kuima pakhomo.

"Iwe usavutike, mwananga," anauza kabati. "Mbuzi apeleka amuna ake a Eliza."